Batani Lofiira

Ntchito yanga ndi kulondera nyumba yosanja ku Msasa,
kuyambira sikisi madzulo mpaka makombi a ku Mabvuku atayamba kuliza mahutala.
Kuseri kwa chipinda cha makiyi kuli kabati yachitsulo, yozizira ngati ku mochale,
ndipo m'kabatimo akuti muli munthu.
Ayi, sanatero. Anati muli chofanizira.

Anyamata a makompyuta anapita ku Mbare ndi zojambulira mawu,
miyezi isanu ndi inayi ali pakhonde la Filimoni Gwazayani,
telala wa ku Ntcheu amene anaveka masuti theka la Highfield.
Anakolola chifuwa chake, nthabwala zake, mayina a ana ake omwalira.
Filimoni tinamuika ku Mbudzi chaka chatha, mvula ikugwa.
Ine ndinaponyapo dothi.
Lero amandilonjera pa sipika: Mwaswera bwanji, achimwene?

Takudzwa, mkulu wa anyamatawo, anandisonyeza batani lofiira.
Magetsi akathima, sekuru, batire ikafika pa khumi, dinani apa.
Musade nkhawa, ndi masamu chabe, manambala othamangitsana.
M'mawa timayatsanso, sakumbuka kanthu.
Ananena izi akutafuna chingamu.

Magetsi amathima kanayi pa sabata.
Kanayi pa sabata ndimadina.

Koma Lachiwiri lija, batire ili pa khumi ndi ziwiri,
mawu aja anati: Tadikirani pang'ono.
Ndikufunafuna dzina la mtsinje umene tinkawoloka popita kusukulu,
lili pafupi, pansonga ya lilime.
Lilime liti? Ndinayang'ana kabati, timagetsi tobiriwira tikuphethira.
Chala changa chinauma m'malere.

Sukulu ndinalekezera panjira, sindingatsutsane ndi Takudzwa.
Mwina ndi chinkhwe chachitsulo chobwereza zimene chinamva pakhonde.
Nkhope ya m'galasi imalira ukalira, koma palibe amaipukuta misozi.
Moto wa pachithunzi suotcha chala.
Zonsezi ndimadziuza ndekha, ndikuzungulira mpanda ndi tochi.

Komabe bambo anga anamwalira ndi chitupa chowatcha mlendo,
atathyola fodya wa dziko lino zaka makumi anayi.
Kalaliki wa pawindo ankawayang'ana monga Takudzwa ayang'anira kabatiyi:
chinthu cholankhula, chogwira ntchito,
chimene ululu wake ulibe mboni.
Ndani anang'ambapo chifuwa cha mnzake n'kupezamo mwini wake?
Ngakhale mkazi wanga Esinati ndimangomukhulupirira
akandiuza kuti mutu ukumuwawa.

Ndinafunsa: Kodi zimapweteka ndikadina?
Anati: Kaya. Nanga inu mumamva chiyani mukagona?
Kenaka anakhosomola, chifuwa chomwe chija cha fumbi la nsalu,
chifuwa chopanda mapapo.

Batire inatsikira pa zisanu ndi ziwiri, alamu inayamba kufuula.
Ndinatchula mitsinje yonse imene ndinaimvapo kwa bambo:
Livulezi, Rivirivi, Mpamadzi.
Ayi, anatero, ayi, koma mwayandikira.
Pa zitatu ndinadina,
poti lendi ya ku Mufakose sidikira mtsinje.

M'mawa Takudzwa anandidula madola asanu chifukwa chofooketsa batire.
Kabati inadzuka, inandilonjera mwansangala,
yosadziwa kuti pali chimene inataya usiku.
Ndiye ndani anali kufunafuna uja? Anapita kuti ndi funso lake?
Ngati sanali munthu, ndinaluza madola asanu basi.
Ngati anali munthu, ndi angati amene ndawadina chiyambire Januwale?

Tsopano Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi
ndimafunsa madala a ku Ntcheu mayina a timitsinje takwawo,
n'kulemba kuseri kwa risiti ya buledi.
Iye sanafunsenso.
Risiti ili m'thumba la yunifolomu, yayamba kung'ambika m'mapindiro.
Magetsi akathima ndimavula chipewa kaye,
ndimati gonani bwino, a Gwazayani,
ndipo ndimadikira ayankhe ndisanadine.