Nsalu ya Nangondo

Ndinali ndi kabuku mumtima,
kolembedwa bwino, kopanda pofufuta.
Tsamba loyamba: Nangondo wa kuseri kwathu ku Mbayani,
amene mpope wake wa kachasu umadontha
ngakhale Lamulungu m'mawa belu likulira.
Pakhomo pake ndinkadutsa bulauzi ya Mvano ili mbee,
yosita kawiri ndi makala,
chitenje nditakweza pang'ono ngati pali matope,
chonsecho ndi mu Okutobala.

Chakhumi ndinkapereka, lisiti n'kusunga.
Pamaliro woyambitsa nyimbo ndinali ine.
Usiku ndikagwada ndinkamuwerengera Mulungu zonsezi
monga kondakitala awerengera ndalama pa Wenela,
kenaka n'kudikira chenji.

Mu Juni bambo a Tiyanjane anagwa mumsika wa Limbe,
mbali imodzi n'kuuma.
Ku Gulupu anawapatsa bedi. Ine simenti,
pakati pa odikirira odwala anzanga,
chiperoni chikulowera pa zenera losweka.
Ndinatsegula pakamwa kuti ndipemphere,
mawu onse aja a pa Lachinayi ali zii.
Ndinavundukula kabuku kaja. Ndimuonetse tsamba liti?
Panalibe tsamba loti n'kudzutsa dzanja la mwamuna wanga.

Pakati pa usiku wina anandifunditsa.
Nsalu yonunkha utsi ndi madeya osasa.
Fungo ndinalidziwa ndisanaone nkhope.
Wake anali mwana, chifuwa chachikulu,
sabata yachitatu.
Za moni amene ndinam'mana zaka zisanu ndi ziwiri sanafunse.
Anangoti, "Gonani mayi, kuno kumazizira kukamacha,"
n'kutembenukira kukhoma.
Ndinamumva akunong'ona,
osati mwa ife, mokometsera ndi mondandalika,
ankangoti: Ndilibe kanthu, Atate. Ndilibe. Mundione.

Ine ndinali nazo zambiri.
Manja anali odzaza, polandirira panalibe.

Kutacha tinaima pa mzere wa madzi,
iye ndi chigubu chodula cha mafuta ophikira,
ine ndi ndowa yanga ya chivindikiro.
Mpopi unatsokomola kawiri, n'kumasuka.
Madziwo sanafunse amene amavala zoyera.
Anangolowa momwe munali mopanda kanthu, basi.

Bambo a Tiyanjane akuyenda tsopano, mokoka mwendo.
Mwana wa Nangondo tinakamuika mwezi wa mphepo.
Musandifunse chifukwa chake zinagwa choncho,
si kuti wina anakhoza mayeso.
Tsiku limenelo sindinayambitse nyimbo.
Ndinakhala kuseri, ndikutsuka mbale.

Kabuku kaja sikanapse konse, ndisaname.
Dzulo lomweli mu minibasi ya ku Chirimba
ndinadzipeza ndikunolera pensulo
mtsikana wa siketi yaifupi.
Nditafika ndinatsegula sutikesi,
pansi pa bulauzi pali nsalu ija,
sindinabwezebe, sindinachapenso.
Ndinaika mphuno.

Ambuye, ndadzazanso.
Ndikhuthuleni.