Kuseli kwa Malisiti

Mwana wanga Feliya wandithera malisiti a tiyi.
Kumaso kwake ine ndimalemba makilo a anthu otchola,
kuseli iye wajambulako dziko
lomwe akuti linang'ambika ku phiri la Mulanje
anthu asanabwere,
n'kuyandama panyanja ngati khungwa la mkungudza.

Kumeneko, akuti, kunalibe nyalugwe.
Ndiye mbira, posowa woiopsa,
inatuluka m'mapanga, n'kumanenepa mbadwo ndi mbadwo
mpaka pomwe yaponda
pamatsala chitsime.
Nanzikambe anasiya kusintha mtundu,
abisalirenso ndani?
Anangotalika khosi kupitirira mitengo,
lilime lake n'kumathyola mbalame m'mwamba.
Mleme unaiwala kuuluka.
Umayendera zigongono, kufukula nkhanu m'matope.

Ndinamufunsa: nanga ife tili pati?
Anandiyang'ana, pensulo ili kukamwa.
"Ababa, kumeneko inu simunachitike."

Lero chiperoni chavindikira Muloza.
Mizere ya tiyi yasowa, phiri lasowa,
sikelo yokha ikulendewera pamtengo.
Amayi akutuluka m'nkhungu mmodzimmodzi,
madengu kumsana, mapulasitiki m'chiuno,
ngati otsika ngalawa yochokera kutali.
Ndikulemba: a Namulewa, makilo makumi atatu ndi awiri.
Mphepo yatembenuza pepala,
ndipo chinthu cha nyanga zitatu,
cha miyendo ya kakowa,
chomwe Feliya sanachipatse dzina,
chikundiyang'ana ndi diso limodzi lomwe anamaliza.

Kapitawo watambasula dzanja, akudikira.
Sindikudziwa kuti ndimuonetse mbali iti.