Mzere Wofiira

Anandipatsa zinthu zitatu:
wezulo, tochi ndi buku la mayina.
Penti ndinagula ndekha ku msika wa Kapata.

Mu Okutobala Lunkhwakwa ndi ngalande chabe,
mapulasitiki, mchenga, mbuzi yofunafuna mthunzi.
Nditagwada pa mwendo wa mlatho
kujambula mzere wachikasu, pamwamba pake wofiira,
anyamata a njinga anaseka:
Zelipa wazungulira mutu, akupenta mlatho wa boma.

Asekeni.
Ine ndinalipo chaka chatha
madzi atalowa kwa Yotamu opanda odi,
natenga mphasa, nkhuku zisanu, kadi la kusikelo la mwana
ndi chipupa chonse chakum'mawa.
Madzi saiwala khwawa. Oiwala ndife.

Thandizo linafika tsiku lachisanu ndi chinayi
pa lole yoyera.
Matumba makumi anayi,
mayina m'buku langa makumi asanu ndi limodzi kudza atatu.
Kusukulu sanatiphunzitse masamu ogawa njala.
Tinapima ndi meda, tinapimanso ndi mbale,
otsiriza ndi manja.
Mayi Alinesi anadinda chala,
ndipo inki inakhalitsa pachala chawo
kuposa ufa m'nyumba mwawo.
Wojambula zithunzi anati, mwetulirani.
Tinamwetulira. Mano salipiritsa.

Sindikunyoza lole ija,
ana anagona atadya.
Koma chaka chino sindiyang'ana kumsewu.
Loweruka lililonse tafukula ngalande za ku Mchini
mpaka matuza kuphulika.
Mbewu tapachika kudenga,
ziphaso tazipinda m'mabotolo, tatseka zolimba.
Ana a giredi faifi akuidziwa njira ya kutchalitchi chakumtunda
ngakhale magetsi atazima.
A Shawa miyendo inawakana kale;
pambali pa dzina lawo ndalemba:
Tisaine, ndi wilibala yake.
Tisaine anadandaula za tayala.
Tinasonkha, tayala tamugulira.

Usiku uno mitambo yatsamira phiri la Kanjala.
Achule asiya kulira, sindikudziwa chifukwa chake.
Ndaima pamlatho, tochi m'dzanja,
pansi panga Lunkhwakwa akulankhula ndi mawu a munthu wina,
wanyamula nthochi yathunthu, mizu kumwamba.
Mzere wachikasu wamira.
Kufika pa wofiira kwatsala zala zinayi.

Zitatu.

Wezulo ili pamilomo, yozizira, ikukoma dzimbiri.
Kunyumba mwana wanga
ndamugoneka atavala nsapato.