Lolemba la Womasulira pa Khoti la Zomba

Lolemba ndi tsiku la mtendere wosokonezeka.
Galimoto ya apolisi imatsitsa zokolola za Loweruka:
zidakwa za ku Chikanda,
anyamata a kabaza amene analimbirana pasinjala padepoti,
mlaliki wa chimkuzamawu amene anadzutsa Matawale yense
tambala asanaganize n'komwe zolira.

Ine khasu langa ndi pakamwa.
Lamulo limalowa muno litavala jekete la Chingerezi,
ndimalivula, n'kuliveka chitenje
kuti woimbidwa mlandu alizindikire nkhope.

Wachinayi pamndandanda: Asiyatu Mkwanda,
wogulitsa tomato ku Mpondabwino.
Ndinamuwerengera monga ndiwerengera onse:
Akuti Lachisanu masana, pamaso pa anthu,
munachita zinthu zotha kusokoneza mtendere.
Mukuvomera kapena mukukana?

Anayang'ana ine, osati a majisitireti.
"Mtendere wa ndani, achimwene?
Alonda a khonsolo anakankha dengu langa ndi jombo,
tomato wa ngongole ya banki m'khonde
n'kugubuduzika mpaka m'ngalande.
Ndinakuwa, inde. Ndinatukwana, inde.
Mukanakhala inu, mukanaimba kwaya?"

Funso lomalizalo ndinalimeza.
Kumpando ndinangopereka ma-inde awiriwo,
ochapa bwino, opanda matope.
Cholembera chinayenda. Chindapusa,
apo ayi miyezi iwiri kuseri kwa mpanda wa njerwa zofiira.

Musandimve molakwa, lamuloli sindidana nalo.
Chaka chomwe mayi anga ankadwala ku Sadzi,
bala yoyandikana nafe inkagunda mpaka mbandakucha,
malata kunjenjemera, botolo la mankhwala kuvina pampando.
Tinapempha, anatiseka.
Anabwera sajeni wina wamfupi, dzina sindinamufunse,
anatchula ndime yake, nazula waya.
Usiku umenewo mayi anagona.
Ndinamva Likangala akuyenda pamiyala,
ndinali nditaiwala kuti mtsinje uli ndi mawu.

Ndiye ndikudziwa: tauni yopanda lamuloli
ndi minibasi ya makondakitala okhaokha.
Chondivuta n'chakuti khutu lake ndi limodzi.
Limamva wokuwa,
silimva jombo.

Titaweruka ndinadzera kumsika.
Pamalo a Asiyatu panakhala kamtsikana ka yunifomu ya sukulu,
milu itatu ya tomato wophwanyika mbali,
ndi kope lotsegula pakati:
a Nasiyaya asanu, a Che Ndembo awiri, wamakala chikwi,
mzere uliwonse njerwa imodzi yochotsedwa pampanda uja.

Ndinagula milu yonse, sindinanenerere.
Kanati zikomo, sikanandidziwe.

Panjira phiri linali litafunda nkhungu, lili duu,
ngati mboni yokana kulumbira.
Tauni yonse inali bata, monga lamulo lifunira.
Koma funso lija likadali pakhosi,
ngati munga wa matemba a ku Chilwa,
ndipo mawa pali ena khumi ndi awiri.