Kuseri kwa Pepala

Lachisanu lililonse dzenje la kuseri kwa kalasi linkafuka,
mphepo ya ku Kanjala n'kukankhira utsi wa pulasitiki
pa zenera losweka,
ife tikutsokomola pakati pa masamu.
Ochedwa ndife tinkatola zinyalala.
Ine wa ku Mchini, wowoloka Lunkhwakwa,
ndinkazidziwa zonse ndi maina.

Kenaka a Chulu anabisa machesi.
Anabwera ndi masaka atatu a fetereza
ndi singano yosokera matumba.
"Pepala lili ndi nkhope ziwiri," anatero,
"inu mwangoonapo imodzi."

Lero mabotolo a maheu, odulidwa pakhosi,
aima pamzere ngati ana pa asembule,
lililonse lanyamula mbande ya repu.
Makoko a nthochi akuwolera dimba.

Koma dzulo Zelipa wa giredi wani
anandionetsa kope lake losokedwa ndi ulusi wa saka.
Kuseri kwa tsamba, dzina langa,
ndi inki yofiira: atatu pa makumi awiri.
Ndinafuna nthaka indimeze.

Iye sanaone n'komwe.
Anatembenuza, nanyambita pensulo,
n'kulemba "a" wake woyamba,
wonenepa ngati dzungu.