Chilembo Chimodzi

Usiku wa Lachinayi, mwezi ukutha, ku Łódź.
Tiramu yomaliza yadutsa kalekale,
ine ndidakali pansanjika yachitatu
ya fakitale yoluka masokosi,
jekete pamapewa, khofi wazizira kachiwiri,
sikirini ikubwereza mawu amodzimodzi,
ofiira psuu ngati diso la wosagona:
tebulo limeneli kulibe.

Kulibe bwanji?
Dzulo linalipo, ndinaliona ndi maso angawa.
Mizere mazana anayi kudza khumi ndi iwiri,
mzere uliwonse ndi munthu,
munthu aliyense ndi lendi yake,
malasha ake a m'nyengo yachisanu,
nsapato za mwana amene phazi lake silimva zodikira.
Mawa eyiti koloko banki ifuna fayilo ya malipiro.

Ndayamba ndi zimene aliyense amayamba nazo.
Ndazimitsa, ndayatsa.
Ndafunsa seva ngati ikundidziwa,
yati ikundidziwa, makiyi onse ndili nawo.
Ndatsegula kaundula wa zolakwika,
ndatsika naye mzere ndi mzere
monga wofufuza dzina la mbale wake
pakhoma la chipatala.
Palibe anafufuta kanthu.
Palibe wakuba, palibe moto.
Kope la Lamlungu lili bwinobwino m'nkhokwe.

Mayi Jadwiga Wrzos a ku akaunti sanapite kwawo.
Aima pakhomo, sikafu ili m'manja,
sakufunsa kanthu,
ndipo kusafunsako n'kumene kukundiboola msana.

Safunsa anadya phula.
Ndaimba foni kwa Ludwik Pasternak,
amene anamanga nkhokweyi ine ndili kusukulu,
pano anapuma, amaweta njuchi ku Zgierz.
Yaitana kasanu ndi kawiri.
Wayankha ndi mawu a m'bulangete,
wamvetsera, watsokomola, kenako:
"Munasamuka liti?"
Loweruka, ndatero, kupita ku seva yatsopano.
"Liitane ndi dzina lake."
Ndaliitana, bambo, usiku wonse.
"Ayi. Liwerenge monga ndinalilembera ine."

Ndatsegula mndandanda wa matebulo onse,
ndasendeza nkhope pafupi ndi galasi.
Ilo, lili phee pakati pa anzake.
Wyplaty.
W wamkulu, mapewa tambalale.
Pulogalamu ikukuwa ndi w wamng'ono.
Seva yakale sinkasamala zimenezo,
inkayankha ukaitana mulimonse,
ngati mnansi amene munakalamba naye limodzi.
Yatsopanoyi ndi mlonda wobwera dzulo:
chiphaso chikasiyana kadontho, sulowa.

Maola asanu
chifukwa cha msinkhu wa chilembo.

Ndakonza. Chala chimodzi, batani limodzi.
Mizere yatsika mbwee,
Adamiak, Baran, Cieślak,
mpaka Żurek wa kumakina opaka utoto,
aliyense ndi ndalama zake kumanja kwa dzina.
Mayi Jadwiga amanga sikafu,
ati zikomo kwa kompyuta, osati kwa ine,
atsika masitepe.

Ludwik adakali pafoni.
Akuti W uja anamkuza dala,
chaka chimene fakitale inatsala pang'ono kutsekedwa,
poti malipiro a anthu salembedwa ndi chilembo chogwada.
Sindikudziwa ngati akunena zoona
kapena ndi tulo tikumulankhulitsa.

Panja chipale chofewa chayamba kugwa.
Ndalemba m'buku la ofesi, la amene adzabwere ine nditachoka:
likasowanso, usathamangire kope,
yamba waona ngati ukuliitana bwino.
Kenako ndayang'ana baji yanga pachifuwa,
pamene analakwitsa dzina langa zaka zisanu zapitazo,
ine n'kumangoyankha.