Khoswe Sanayeze

Nsalu ija ndinaigula ku Tete, pamsika wa Kwachena,
tsiku limene dzuwa linkafewetsa phula pamlatho.
Mamita sikisi, mbalame zachikasu pamtambo wofiirira.
Ndinaifukata ulendo wonse wokwera ku Ulongwe
ngati khanda lobadwa masiku osakwana.

Makina ndinali nawo kale,
anandisiyira malume Gonsalo maso awo atachita khungu.
Loweruka lililonse ndinkawathira mafuta,
n'kupalasa opanda ulusi
kuti ndingomva phokoso la munthu wogwira ntchito.

Koma kudula, ayi.

Ndinkayala nsalu patebulo, kuyeza, kulemba ndi choko,
kufufuta ndi malovu, kuyezanso.
Choko chinatha. Ndinagula china.
Manambala a patepi anafufutika
pamene chala changa chinkakonda kuima n'kumaganiza.
Ndinkati ndidikire sizasi yakuthwa.
Itabwera, ndinati zenera ili n'laling'ono.
Atalikuza, ndinati chisanu cha Juni chandiumitsa zala.
Kachewere anamukumba katatu kudimba kwa a Nangozo
nsalu ili phee m'sutikesi,
yamphumphu, yopanda cholakwa,
yopandanso woivala.

"Atelala, shopu titsegula liti?" ankafunsa podutsa.
"Posachedwa."
Liwu lokhalo ndinalisoka bwino,
lolimba m'mbali monse.

Ndiye m'mawa wina, Lachiwiri,
nditsegule sutikesi: timanyi takuda, ulusi uli mbwee.
Pakati penipeni bowo loti chibakera n'kulowa.
Mbalame ziwiri zapita, yachitatu yatsala mutu wokha.
Khoswe sanayeze.
Analibe choko, sanadikire zenera,
anangobwera usiku ndi mano amene anali nawo.
Kuseri kwa thumba la chimanga ndinapeza chisa chake,
chachikasu, chofunda,
tiana tinayi tofiira tili m'tulo.
Nsalu yanga inali itayamba ntchito popanda ine.

Ndinalira pang'ono.
Kenako ndinaseka mpaka kutsokomola,
n'kutenga sizasi.
Italuma koyamba denga silinagwe.
Panja wogulitsa mafuta a galimoto m'mabotolo
anapitiriza kukangana ndi wanjinga yamoto.

Ndinadula molambalala bowo.
Diresi la munthu wamkulu silikanatulukanso,
koma la mwana linalimo.
Mkono wakumanzere unatalika ndi zala ziwiri.
Kolala inapendekera ngati ikumvetsera miseche.
Mpendero ndinasoka, kumasula, kusokanso;
kachitatu ndinati basi, khala momwemo.
Singano inandibaya, kadontho kanagwera paphiko la mbalame,
ndipo kakadalipo.

Zefinya, mdzukulu wa a Nangozo,
sanadikire n'komwe kuti ndilisite.
Mkono sanauyang'ane.
Anazungulira kamodzi, mbalame zonse zinadzuka,
iye liwiro kumsika,
kudutsa milu ya kabichi ndi njinga za makala.
Ndinaima pakhomo, tepi ili m'khosi,
kuonerera zolakwa zanga zonse
zikuthamanga mumsewu, zikuseka.
Ndani angayeze mwana wothamanga?

Madzulo kunabwera mayi wina wa ku Domwe,
kapulana yatsopano m'khwapa, ikununkhirabe sitolo.
"Ndinu munasoka lija?"
M'kamwa mwanga munadzaza zopepesa:
mkono, kolala, mpendero uja.
Ndinameza zonse.
"Ndine. Tatambasulani manja."

Ndisaname, zala zikunjenjemerabe.
Ndimayeza kawiri, nthawi zina katatu,
koma kachinayi sizasi imalankhula.
Chikwangwani sindinalembe,
dzina la shopu silinabwere,
anthu amangoti kwa mayi wa zenera lalikulu.

Khoswe uja ndamutchera msampha,
chibale palibe.
Koma nyambo ndaika mtedza wokazinga bwino,
wothira ndi kamchere.
Mphunzitsi salipidwa gaga.